Ndasala kudya masiku atatu koma yankho la Mulungu sindikulimva

FUNSO

Abusa, ndine mkulu wa mpingo kuno ku Mulanje, ndipo ndatumikira pa udindowu zaka 9. Namondwe wa Freddy atatigwera mu Malichi 2023, minda ya akhristu athu ambiri inakwiririka ndi mchenga ndi miyala, moti mabanja ena sanadzukebe mpaka lero. Chaka chino abale a mpingo wina wa m'tauni atitumizira matumba 40 a chimanga, ndipo sesheni, bwalo la akulu a mpingo, yandisankha kuti nditsogolere komiti yolemba mayina a oyenera kulandira. Kuyambira tsiku limenelo tulo ndilibe. Bambo wina amene ndi kapitawo ku esiteti ya tiyi, yemwenso anatigulira malata a tchalitchi, wanditumizira mayina asanu a abale ake. Amfumu nawo anandiyitanira kunyumba kwawo, ndipo mchemwali wanga weniweni akuyembekezera kuti dzina lake likhalapo. Abusa athu amayang'anira mipingo ingapo ndipo amatifikira kamodzi pamwezi. Ndasala kudya masiku atatu, ndakwera phiri kukapemphera, koma palibe chimene ndamva. Kodi chifuniro cha Mulungu ndingachidziwe bwanji? Kapena kukhala chete kwakeku ndi chizindikiro choti nditule pansi udindo?

Mkulu wa mpingo, Mulanje

YANKHO

Bambo, kalata yanu ndayiwerenga kawiri ndipo yandikhudza, chifukwa munthu wosaopa Mulungu sakanasowa tulo pa nkhani ngati iyi. Akanangolemba mayina asanuwo n'kugona. Komabe ndiloleni ndikuuzeni mosabisa zimene ndikuona. Mafunso amene mwawamanga mtolo umodzi ndi awiri, ndipo limodzi mwa iwo Mulungu analiyankha kale.

Funso loti mulembe abale a kapitawo chifukwa cha malata aja silikufuna masomphenya kapena mawu ochokera kuphiri. Pa Levitiko 19:15 Aisraele analamulidwa kuti poweruza asakondere wosauka ndiponso asaope wolemera, ndipo Yakobo, m'chaputala 2 cha kalata yake, akudzudzula mpingo umene umapatsa mpando wabwino munthu wovala mphete yagolide n'kuuza wosauka kuti akhale pansi. Ndikukhulupirira kuti mavesi amenewa mumawadziwa, mwinanso munawalalikirapo. Chimene chikukuvutani pamenepa ndi mantha, ndipo mantha amenewa ndi omveka, pakuti kapitawoyo mudzakumana naye pamaliro, pamsika ndi pa Mgonero, ndipo mwina ana a abale anu amathyola tiyi pansi pa ulamuliro wake. Koma kumbukirani Sauli, amene pa 1 Samueli 15:24 anavomera yekha kwa Samueli kuti anachimwa chifukwa anaopa anthu n'kumvera mawu awo. Sauli anali atauzidwa kale chochita. Pa zaka zimene ndatumikira ndaona kuti ife atsogoleri nthawi zambiri timapempha Mulungu kuti atiwonetse njira pamene njirayo tikuyiona, koma tikufuna kuti atiwonetse ina yosapweteka. Choncho pa gawo ili sinthani pemphero lanu, mupemphe kulimba mtima.

Funso lachiwiri ndilo lovuta zenizeni: pakati pa mabanja ambiri amene onse ali ndi njala, ndani alandire ndipo ndani atsale? Apa palibe vesi limene lidzakutchulirani dzina, ndipo apa ndi pamene mukufunikadi nzeru imene Yakobo 1:5 akutilimbikitsa kupempha. Chimene ndikukuchenjezani n'chakuti musaganize kuti nzeruyo idzabwera kwa inu nokha muli kwa nokha. Werenganinso Machitidwe 6. Mpingo wa ku Yerusalemu unakangana pa nkhani yofanana ndi yanuyi, pamene akhristu olankhula Chigriki anadandaula kuti amasiye awo akusalidwa pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Atumwi khumi ndi awiri aja anasonkhanitsa mpingo wonse, anatchula makhalidwe a anthu ofunika pa ntchitoyo, ndipo mpingo unasankha amuna asanu ndi awiri, Stefano ndi Filipo ali pakati pawo. Mukayang'anitsitsa mayina a asanu ndi awiriwo, onse ndi a Chigriki, zomwe zikusonyeza kuti mpingo unakhulupirira anthu a mbali imene inkadandaula. Mulungu anatsogolera mpingowo kudzera m'zokambirana zapoyera, ndipo pemphero ndi kusanjika manja zinatsimikiza zimene anagwirizana.

N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti musanalembe dzina ngakhale limodzi, komiti yanu iyambe yagwirizana za mfundo, monga amasiye, okalamba olera zidzukulu, odwala nthawi yaitali ndi amene minda yawo inakokoloka, ndipo mfundozo zilembedwe m'buku la sesheni. Kenaka muyende m'makomo awiriawiri, ndipo musasiye amayi a Mvano, chifukwa iwo ndi amene amadziwa khomo limene utsi sunafuke dzulo ndi mwana amene akupita kusukulu atangodya mango osapsa. Ngati matumbawo ndi a makilogalamu 50, muli ndi makilogalamu 2,000, ndipo mukagawa theka la thumba pa banja mudzafikira mabanja 80 m'malo mwa 40. Abusa anu muwaimbire foni sabata ino, musadikire tsiku lawo lobwera. Akamakambirana dzina la mchemwali wanu, inu mutuluke panja ndipo ena agamule.

Kwa kapitawo mupiteko nokha pamodzi ndi mkulu mnzanu mayina asanawerengedwe, kuti asamvere kwa anthu. Muwathokoze ndi mtima wonse chifukwa cha malata, muwafotokozere mfundo zimene sesheni yagwirizana, ndipo muwatsimikizire kuti m'bale wawo aliyense amene akukwanira pa mfundozo alandira monga wina aliyense. Amfumu muwalemekeze momwemonso. Mwina adzakwiya, ndipo sindingakulonjezeni kuti chopereka chawo sichidzachepa, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma nkhonya imene yagwera sesheni yonse ndi yopepukirapo kusiyana ndi imene yagwera munthu mmodzi. Ambiri timakumbukira kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, nthawi imene kudzudzula boma kunali koopsa. Anasaina onse pamodzi, ndipo ngakhale anaopsezedwa, mmodzi wa iwo, Monsignor John Roche wa ku Mzuzu, n'kuthamangitsidwa m'dziko, mawu awo sanafafanizike.

Za kutula pansi udindo, musagamule muli ndi njala ndiponso musanagone. Eliya atathawira kuchipululu n'kupempha kuti afe, pa 1 Mafumu 19, mngelo anayamba wamupatsa mkate ndi madzi, anamusiya agone, anamudyetsanso kachiwiri, ndipo mawu a Mulungu anadzamufikira pambuyo pake ku Horebu, kumene anauzidwa kuti sali yekha ndipo akadzoze Elisa. Kusala kudya kwanu sindikukupeputsa, ndipo kuphiri mudzapitanso, monga Yesu mwini ankadzuka mbandakucha kupita kwayekha kukapemphera. Koma pakadali pano masulani, idyani, mugone, ndipo mawa muyitanitse komiti. Ngati dzina la mchemwali wanu silidzadutsa, mudzatape m'nkhokwe mwanu, ngakhale ndowa imodzi, mukamupatse ndi manja anu chimanga cha mpingo chisanagawidwe.