Za lacto wa alamu

Eee msuweni, uthenga wako ndaumva tsopano, ndinali mu kombi pa Mbare mu Harare muno, phokoso lokhalokha. Ukuti kodi alamu angamwe lacto, mkaka wowawasa uja, pamene akumwa mankhwala a TB. Lacto? Iweyo amene unkathawa chambiko kwa agogo? Usandinamize. M'mimba mwawavuta, akufuna kupumira mapiritsi, eti?

Ukuwakumbukira amalume a ku Mufakose? A njinga aja... ayi, njinga inali ya ang'ono awo, iwo anali a wailesi. Nawonso ankamwa mankhwala a TB, mwezi wachitatu chifuwa chinaleka, masaya anabwerera, basi akuti ndachira. Chinanso ankadandaula kuti mkodzo wafiira ngati chakumwa cha Mazoe, akuti magazi akutha. Chonsecho ndi rifampicin chabe, mtundu umodzi wa mankhwala a TB, amatero ndithu. Ndiye mapiritsi ankawaponya m'thumba la jekete la kutchalitchi. Azakhali anakawapeza pochapa, atasungunuka, thumba lonse psuu. Kukangana kwake, mzere wonse unatuluka kudzaonerera. Chifuwa chitabwerera mankhwala oyamba sanagwirenso, ndiye jakisoni wa nthawi imeneyo tsiku ndi tsiku, mpaka makutu anagontha. Umaganiza wailesi ija ankaikwezera chiyani?

Ndimati chiyani... eya, m'mimba. M'matumbomu muli mabakiteriya abwino, amathandiza kugaya chakudya komanso chitetezo cha thupi. M'mapapo namonso alimo, ochepa, ambiri ochokera mkamwa. Tsono miyezi 2 yoyamba mankhwala ndi amitundu 4, miyezi 4 yotsatira amitundu 2, ndipo rifampicin uja sasankha, amapha ndi abwino omwe. M'mimba musokonekera basi. Ofufuza anapeza kuti ngakhale patatha chaka munthu atamaliza, mabakiteriya a m'matumbo amakhala asanabwerere mwakale. Koma zimenezo munthu amakhala nazo, TB yokana mankhwala ndiye ina.

Lacto amwe, mahewu amwe, nyemba ndi masamba adye. Kungoti sizichiza TB, ndipo asamwere nazo mapiritsi, mapiritsiwo amayenda bwino m'mimba mopanda kanthu. Akamasanza kwambiri, kapena maso akachita chikasu, kukiliniki tsiku lomwelo, anesi ndi amene anganene zosintha. Osati iwe, osati abusa.

Koma kusiya paokha ayi. Miyezi 6 yonse ikwane. Wamva? Asadumphe ngakhale tsiku limodzi, uziwaona akumeza, ndipo jekete lawo uzilipisa m'matumba. Chabwino, ndafika pa Copacabana, ndikutsika.