PhD ya uinjiniya ku Britain: zolowera ndi zotulukira

Talandira kalata pa imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Blantyre, injiniya wa zamadzi. Digiri yoyamba anaitenga ku Polytechnic, yomwe pano ndi MUBAS, ndipo ali ndi Masters. Akufunsa kuti: "Ndikufuna PhD ya uinjiniya ku Britain. Ndiyambire pati, nanga ndikalowa, digiriyo amapereka munthu akakwanitsa chiyani?"

Bambo, musayambire pa fomu. Yambani ndi kupeza mphunzitsi amene adzayang'anire kafukufuku wanu, amene kumeneko amamutcha supervisor. Ku Britain PhD si kalasi yokhala ndi mipando yoyembekezera anthu. Fomu yosatchula mphunzitsi amene mwagwirizana naye kale nthawi zambiri imangozungulira m'dipatimenti mpaka kukanidwa, ngakhale magiredi anu atakhala abwino chotani. Werengani mapepala awiri kapena atatu amene munthuyo wasindikiza posachedwa, kenako mumulembere kalata yaifupi yonena funso limene mukufuna kufufuza ndi mmene likugwirizanira ndi ntchito yake. Kalata imodzi yotumizidwa kwa maprofesa makumi awiri imadziwika msanga, ndipo sayankha.

Funsolo likhale lopapatiza. "Mavuto a magetsi m'Malawi" ndi mutu wa msonkhano, si wa PhD. Koma mukafunsa kuti matope a mu Shire amaperepesa bwanji zitsulo za ma turbine ku Nkula, ndipo kukula kwa timchenga kumasintha bwanji liwiro la kuperepeseka, pamenepo pali choyeza, pali zida zofunika, ndipo mphunzitsi akhoza kuona ngati labu yake ingakwanitse. Proposal yanu, yomwe kawirikawiri imakhala ya mawu 1,000 mpaka 2,000, ionetse zimene ena anapeza kale, mpata umene watsala, njira yoyezera, ndi ndondomeko ya zaka zitatu.

Za mapepala sizivuta kwenikweni. Mayunivesite ambiri amafuna digiri yoyamba yofanana ndi 2:1 yawo (giredi yachiwiri kuchokera pamwamba) kapena Masters yabwino, matransikiripiti onse, ndi makalata awiri a aphunzitsi amene anaona kafukufuku wanu. Kalata ya abwana a kuntchito yongoyamikira khalidwe siyilemera kwenikweni. Malawi sali pa mndandanda wa mayiko amene boma la Britain limati ndi olankhula Chingerezi, choncho konzekerani IELTS Academic, mayeso a Chingerezi. Ambiri amafuna 6.5, osatsika 6.0 pa gawo lililonse, ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha. Anthu ambiri amagwera pa gawo lolemba, osati loyankhula.

Ndalama ndiye phiri. Sikolashipu ya Chevening musaiwerengere, ndi ya Masters yokha. Commonwealth ili ndi sikolashipu ya PhD, koma pempho limadzera ku bungwe losankha anthu, ndipo nthawi yake imatseka pafupifupi chaka chathunthu maphunziro asanayambe. Kuyambira 2021 ndalama za UKRI, bungwe la boma la Britain lolipirira kafukufuku, zinatsegulidwa kwa ophunzira akunja, koma saloledwa kupitirira 30 pa 100 alionse, motero mpikisano wake ndi woopsa. M'chaka cha 2025/26 ndalama yodyera inali £20,780 pa chaka. Funsani mosapita m'mbali ngati sikolashipuyo ikulipira fizi yonse ya wophunzira wakunja, chifukwa ina imalipira ya nzika zokha, yotsalayo nkukugwerani inuyo.

Tsopano chimene chimachedwetsa mainjiniya ambiri: ATAS. Ichi ndi chiphaso cha boma la Britain chotsimikiza kuti kafukufuku wanu sangathandize kupanga zida zankhondo zoopsa, ndipo nthambi zambiri za uinjiniya zimachifuna kwa Mmalawi. Ndi chaulere, koma chimatenga masiku ogwira ntchito osachepera 30, ndipo nyengo imene anthu ambiri akupempha chimachedwa kuposa apo. Mumafunika nambala ya CAH3, yosonyeza nthambi ya maphunziro anu, yochokera ku yunivesite, ndi mawu ofotokoza kafukufuku amene mwagwirizana ndi mphunzitsi wanu. Musawasinthe mawuwo kuti amveke okoma. Akasiyana ndi a yunivesite, pempho limabwerera. Popanda ATAS simupeza viza. Chiphasocho chikatuluka, muchigwiritse ntchito pa viza isanathe miyezi isanu ndi umodzi. Onjezerani kuyezetsa TB ku chipatala chovomerezeka ndi boma lawo, ndalama ya zaumoyo ya £776 pa chaka chilichonse cha viza yolipiriratu yonse, ndi umboni wa ndalama zimene zakhala mu akaunti masiku 28 otsatizana. Wa PhD amaloledwabe kupita ndi banja, koma aliyense amalipira zake.

Mukalowa, simunakhazikike. Mayunivesite ambiri amakulembani moyesa, ena ngati wa MPhil, digiri ya kafukufuku yochepera PhD, mpaka mutapambana mayeso a kumapeto kwa chaka choyamba, pakati pa miyezi 9 ndi 18. Mumalemba lipoti, nkuyankha mafunso pamaso pa aphunzitsi ena osati wanuyo. Chimene amafuna kuona ndi chakuti funso lanu ndi latsopano ndipo lingayankhidwe m'nthawi yotsalayo. Amene amagwa apa nthawi zambiri amakhala atatha chaka akuwerenga osayeza kanthu, kapena akudikira chipangizo chimene sichinafike. Malangizo athu ndi akuti pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi mukhale mutayesa kale njira yanu pa kanthu kakang'ono, ngakhale zotsatira zake zikhale zosasangalatsa. Wolephera amapatsidwa mwayi wachiwiri, ndipo akalepheranso amatuluka ndi MPhil kapena chimanjamanja.

Maphunziro a m'kalasi ndi ochepa, kusiyana ndi ku America kumene amatenga chaka kapena ziwiri. Digiri yonse yagona pa thesis, buku lofotokoza kafukufuku wanu yense. Malire a mawu amasiyana: dipatimenti ya uinjiniya ku Cambridge imalola mawu 65,000 ndi zithunzi 150, pomwe kwina amafika 80,000 kapena 100,000. Wophunzira wa nthawi zonse ayenera kupereka zisanathe zaka zinayi, koma ndalama zambiri zimatha pa zaka zitatu kapena zitatu ndi theka, ndiye miyezi yolemba muiwerengere m'thumba. Kusindikiza mapepala m'majenale si lamulo m'mayunivesite ambiri a kumeneko, komabe pepala limodzi kapena awiri amakutetezani kwambiri, chifukwa amaonetsa kuti akatswiri ena anaunika kale ntchitoyo.

Chomaliza ndi viva, mayeso apakamwa pamaso pa oyesa awiri, wina wa pa yunivesite yomweyo, wina wochokera kwina. Amatenga maola awiri kapena kupitirira, tsamba ndi tsamba. Kwa injiniya mafunso olasa amakhala pa kayezedwe: chida chinasinthidwa liti kuti chiziwerenga zoona, cholakwika cha muyeso ndi chachikulu bwanji, model ya pa kompyuta munaitsimikiza ndi deta iti. Ochepa amapambana popanda chokonza. Ambiri amapatsidwa zokonza zazing'ono za miyezi itatu, ena zazikulu za miyezi isanu ndi umodzi, ena amauzidwa kuti alembenso ndi kubwera patatha chaka. Ngati tsiku lomalizira lasunthidwa kupitirira miyezi itatu, kapena mutu wa kafukufuku wasintha panjira, mudzafunika ATAS yatsopano musanawonjezere viza, choncho uzani ofesi yoona za ophunzira akunja tsiku lomwelo limene mwadziwa.