Faiba ikaduka, makamera a pashopu sakuoneka pafoni: vuto lili pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene ali ndi shopu ya zipangizo zomangira ku Limbe. Analemba motere: "Ndili ndi faiba komanso SIM ya 4G, zonse ndinalumikiza pa rauta ya MikroTik. Ndinayatsa DDNS kuti ndiziona makamera ndili kunyumba. Faiba ikaduka, intaneti ya mushopu imapitirira bwinobwino, koma makamera pafoni panga zii. Ndalakwitsa pati?"

Bambo, n'kutheka kuti simunalakwitse paliponse. Ndikukayikira SIM yanuyo.

DDNS ntchito yake ndi imodzi: kulemba adiresi ya IP yomwe muli nayo panopa pansi pa dzina losasintha. Pa MikroTik mukayatsa pa IP Cloud, mumapatsidwa dzina loyamba ndi siriyo nambala ya rauta, lothera ndi sn.mynetname.net. Adiresi ikasintha, dzinalo limaloza adiresi yatsopano. Koma kuloza nyumba ndi kutsegula chitseko ndi zinthu ziwiri.

Intaneti ya pa SIM kawirikawiri imadutsa mu CGNAT, kutanthauza kuti makasitomala ambirimbiri akugawana adiresi imodzi ya kunja. Mukukumbukira kale lija mudzi wonse unkalandira makalata kudzera pa bokosi la positi la sukulu? Yankho la kalata yomwe mwalemba limakupezani, chifukwa dzina lanu lili pa envulopu. Koma kalata yongolembedwa nambala ya bokosi, aphunzitsi aipereka kwa yani? Foni yanu ikamafuna makamera kudzera pa 4G imakhala ngati kalata yachiwiriyi. Starlink nayonso, pa mapulani ake wamba, imagwiritsa ntchito CGNAT.

Chitani izi madzulo mukatseka shopu. Zulani chingwe cha faiba, kenako muone adiresi yomwe SIM yapatsidwa. Ngati SIM ili mu modemu yapadera, onani pa tsamba la modemuyo, osati pa rauta. Adiresi ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, kapena ikayamba ndi 10, ndiye kuti mwaipeza nkhani yake. Palibe port forwarding (kutsegula khomo pa rauta kuti wa kunja afike pa makamera) yomwe ingathandize.

Mungafunse kampani yanu ngati imagulitsa public IP (adiresi ya kunja yanuyanu, yosagawana ndi ena) pa SIM za bizinesi. Koma ine ndikanakhala inu ndikanasankha VPN, njira yachinsinsi yolumikiza foni ndi shopu kudzera pa intaneti, ndipo ndikunena izi mochokera pansi pamtima. Kutsegulira dziko lonse chipangizo chojambulira makamera n'koopsa: mu 2016 pulogalamu yoipa ya Mirai inalanda makamera ndi ma DVR (zipangizo zojambulira makamera) ochuluka omwe eni ake sanasinthe pasiwedi ya kufakitale. RouterOS 7, pulogalamu yoyendetsa rauta za MikroTik, ili kale ndi VPN yotchedwa WireGuard. Lipirani kaseva kakang'ono ka pa intaneti kokhala ndi adiresi yokhazikika, rauta yanu izituluka yokha kukalumikizana nako, foni yanunso izifikira komweko. Popeza rauta ndi imene ikutuluka, CGNAT siitsekereza, kaya ili pa faiba kaya pa SIM. Mu WireGuard, ikani persistent keepalive (kauthenga kotumizidwa pafupipafupi) pa masekondi 25 kuti njirayo isatsekeke ikakhala chete.

Pali chinanso chimene simunafunse koma chidzakuvutani. Ambiri amaika faiba pa distance 1 (njira yoyamba), SIM pa distance 2 (njira yogwiritsa ntchito faiba ikaduka), n'kuyatsa check-gateway=ping kuti rauta izifunsa ngati faiba ikugwira. Vuto ndi lakuti rauta imangofunsa kabokosi ka faiba kali pakhoma pomwepo. Ogwira ntchito mumsewu adula chingwe, getsi lofiira la LOS losonyeza kuti faiba yaduka likuphethira, koma kabokosiko kakuyankhabe, ndiye rauta ikuganiza kuti zonse zili bwino pamene makasitomala ali pamzere kudikira lisiti. Konzani recursive route, yomwe imachititsa kuti rauta izifunsa adiresi yakutali, monga 8.8.8.8 kapena 1.1.1.1.

Mukadzapeza public IP pa mizere yonse iwiri, faiba ndi SIM, gwiritsani ntchito mangle (gawo la malamulo a mu rauta) kuika chizindikiro pa connection iliyonse yolowa, kuti yankho lizitulukira pomwe funso linalowera. Apo ayi yankholo likhoza kutayika, osafika pa foni.

Za kugawa katundu pa mizere iwiri nthawi imodzi, pashopu ngati yanu zisiyeni. Masamba ena a banki amakutulutsani adiresi ikasintha muli mkati, komanso bandulo ya 4G idzangotha masana faiba ili bwinobwino. Poonera makamera pa SIM sankhani sub-stream, kanema wosadya bandulo kwambiri; zithunzi zake n'zochepa mphamvu koma nkhope ya munthu wa pakauntala imaoneka.

Mundilemberenso mundiuze manambala awiri oyambirira a adiresi ya SIM ija, komanso ngati rauta yanu ili pa RouterOS 6 kapena 7, chifukwa kalembedwe ka ma route (njira zomwe rauta imatsata) kanasintha pakati pa ziwirizi.