Kamshafiti ndi yatsopano, koma njinga ikatentha ikufooka: yankho kwa wakabaza wa ku Nkhotakota

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amachita kabaza wa njinga yamoto pakati pa Nkhotakota boma ndi Dwangwa. Iwo akuti atasinthitsa kamshafiti (chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mavavu a injini pa nthawi yake), kumutu kwa injini kunayamba kulira kuti tchetchetche, ndipo makanika anamanga matapeti mpaka phokosolo linatheratu. Tsopano njingayo ikatentha imafooka, ikazimanso imavuta kuliza. Akufunsa ngati anawagulitsa kamshafiti yachinyengo.

Achimwene, musafulumire kuimba mlandu chitsulocho, chifukwa zimene mwafotokozazi zikuloza ku matapeti omanga kwambiri. Pakati pa tapeti, kachitsulo kamene kamakankha vavu kuti itseguke, ndi nsonga ya pamwamba ya vavuyo pamayenera kukhala kampata, popeza chitsulo chikatentha chimafufuma. Kampatako kakasowa, vavu siitsekeka bwino injini ikatentha, mpweya umene pisitoni yapanikiza umathawira pomwepo, ndipo mphamvu imatha. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi vavu ya ekizozi, chifukwa imazizira makamaka ikakhala pampando pake n’kupatsira kutenthako ku mutu wa injini. Mukapitiriza kunyamula anthu ndi matumba a mpunga pa dzuwa lathu la kunyanjali, vavuyo idzapsa m’mphepete.

Koma musanakhudze matapeti, tsimikizani kuti kamshafiti inalowa pa taimingi yake, kutanthauza kuti ikutsegula mavavu mogwirizana ndi kayendedwe ka pisitoni. Chotsani pulagi, tsegulani tizivundikiro ta mbali ya magineto, ndipo zungulizani injini ndi sipana kulowera kumene imazungulira ikamalira, mpaka chilembo cha T chifanane ndi kamzere ka pa bowo loonerapo. Musasokoneze ndi F, amene ndi wa moto wa pulagi. Pa T pisitoni ili pamwamba penipeni, ndipo chizindikiro cha pa giya ya kamshafiti chiyenera kulunjika chinzake cha pa mutu wa injini. Pa injini zina ndi mizere iwiri imene imagona molingana ndi m’mphepete mwa mutuwo. Tcheni loyendetsa kamshafiti likalumpha dzino limodzi lokha, njinga imalira ndithu koma mwaulesi, ndipo likalumpha mano angapo pisitoni imatha kumenya vavu n’kuipinda. Poika kamshafiti, tenshona, yomwe imakunga tchenilo, amaimasula kaye n’kuibwezeretsa pomaliza, ndipo malinunda a kamshafitiyo amawapaka oyilo kuti asayambe ntchito ali ouma. Mukatha zungulizani injini ndi manja kawiri. Mukamva kuti yagunda penapake, imani pomwepo, musakakamize. Ngati injini yanu ndi ya mtundu wa Honda CG125, yopanda tcheni la taimingi, kamshafiti ili pansi, ndipo mumangokumanitsa timadontho ta pa magiya awiri.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi apa. Kamshafiti imazungulira kamodzi pamene magineto yazungulira kawiri, choncho T amabwera kawiri, koma woyenera ndi mmodzi. Tsekani bowo la pulagi ndi chala chachikulu pozunguliza: mukamva mpweya ukukankha chala, T amene akubwerayo ndiye wanu. Pamenepo matapeti onse awiri amagwedezeka pang’ono mukawagwira. Mukatchuna pa T winayo, mpata umakula mopitirira injini ikazungulira, ndipo ndikuganiza kuti phokoso lanu loyamba lija linachokera pamenepo.

Ntchitoyi imafuna injini yozizira, makamaka m’mawa njinga itagona usiku wonse. Ndimamva chisoni ndikaona pa Kamuzu Road kuno ku Salima munthu akutsegula matapeti njinga itangofika kumene, nsanza ili m’manja poopa kupsa, mwini wake akuthamangira makasitomala. Muyeso wotero ndi wabodza. Injini zing’onozing’ono zambiri zimafuna mpata wa pakati pa mamilimita 0.05 ndi 0.10, CG125 imafuna 0.08, koma nambala ya njinga yanu muione m’buku lake. Ena amayezera lezala, koma lezala ili ndi muyeso umodzi wokha, pafupifupi 0.10, umene ndi waukulu pa vavu yofuna 0.05. Gulani feeler gauge yanuyanu, tizitsulo topyapyala toyezera mpata. Masulani nati ya pa tapeti, lowetsani kachitsulo ka muyeso woyenera, tembenuzani kasikuluu mpaka kachitsuloko kazituluka mokakamira pang’ono ngati mpeni ukudula sopo, kenako gwirani kasikuluuko kasasunthe pomanga nati. Yezaninso mukamanga, chifukwa nati imakonda kukoka kasikuluu n’kuchepetsa mpata.

Kulira kwapansipansi kwa matapeti mukakumva musakuthamangitse, ndi mmene injini zimenezi zimalirira. Koma mukatchuna bwino n’kupeza kuti kiki ikupepuka ndipo njinga ikufookabe ikatentha, n’kutheka kuti vavu inapsa kale. Zikatero mutu wa injini utsegulidwe, ndipo poyesa muthire petulo pang’ono m’njira ya ekizozi mavavu ali otseka. Akadontha kunsi, vavuyo isinthidwe kapena inoledwe pampando pake musanabwererenso pamsewu.