Musanatsegule seva ya Mastodon, pezani kaye woweruza naye milandu

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati gulu lanu la ojambula zithunzi latopa ndi Facebook, mukufuna seva yanuyanu ya Mastodon, pulogalamu yochezerana pa intaneti imene gulu lililonse litha kudziyendetsera pa kompyuta yake, ndipo mukufunsa ngati munthu mmodzi angathe kuiyendetsa komanso kuti zimadya ndalama zotani. Ine ndayendetsa kaseva kakang'ono kwa zaka ziwiri ndi miyezi, ndiye mundilole nditalikitseko, chifukwa chimene chinandichotsa thukuta si chimene ndinkachiopa poyamba.

Kuika pulogalamuyo ndi ntchito ya Loweruka limodzi. Mumabwereka kompyuta ya pa intaneti, ija amati VPS, ku makampani ngati Hetzner kapena DigitalOcean, n'kuikamo Mastodon pamodzi ndi zimene imayendera: PostgreSQL yosunga zolemba zonse, Redis yosunga zinthu zakanthawi, ndi Sidekiq yotumiza ndi kulandira mauthenga pakati pa inu ndi maseva ena. Pafunikanso njira yotumizira maimelo, apo ayi olembetsa sadzalandira uthenga wotsimikizira akaunti. Zikakuzunguzani mutu, alipo a Masto.host amene amasamalira makina, inu n'kumangolipira pamwezi. Mukakhala ochepa zedi, GoToSocial ndi yopepuka kuposa Mastodon. Koma musaiike pa laputopu ya kunyumba. Magetsi akathima, maseva ena amagogoda kangapo, akatopa amaleka, ndipo zina zimene zinalembedwa nthawi imeneyo simudzazionanso.

Ndalama zake si zoopsa, vuto ndi loti bilu imabwera mu euro kapena dola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, seva yomweyo inakwera mtengo usiku umodzi popanda chosintha chilichonse. Ife timasonkha pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo mwezi uliwonse ndimalemba poyera zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Mukhalenso ndi khadi lachiwiri, kaya la mbale wa ku Johannesburg, loti lizipulumutsa tsiku limene lanu lakana kulipira kunja.

Poti ndinu ojambula, samalani ndi disiki. Seva yanu imakopera ndi kusunga zithunzi za munthu aliyense wakunja amene anthu anu akumutsatira. Mmawa wina ndinadzuka n'kupeza seva ili zii, disiki yadzaza, osati ndi zithunzi zathu, koma ndi amphaka a ku Germany ndi sitima za pamtunda za ku Japan. Muikiretu masiku oti zakunja zizifufutika zokha, kapena muziyendetsa pafupipafupi tootctl media remove, lamulo limene mumalemba pa seva kuti ifufute zithunzi zakunjazo. Dzina la seva nalo musankhe modekha, chifukwa dzina la pa intanetilo, lija amati domain, silisinthika pa Mastodon mukangoyamba. Seva ina inatenga dzina lothera ndi .af poti linkamveka bwino, pomwe .af ndi ya Afghanistan. Mu February 2024 boma la Taliban linatseka dzinalo, seva n'kuthera pomwepo.

Tsopano pamene pagona nkhani. Mastodon, imene Eugen Rochko anaiyamba mu 2016, si malo amodzi. Ndi maseva zikwi amene amalankhulana kudzera mu ActivityPub, ndondomeko imene bungwe la W3C linaivomereza mu 2018, yomwenso mapulogalamu ena ochezera monga Pixelfed, PeerTube ndi Lemmy amayendera. Ili ngati midzi yoyandikana: uliwonse uli ndi nyakwawa yake ndi malamulo ake, koma njira zake n'zolumikizana, ndipo mwana wa kwanu akakaba mango kutsidya, dandaulo limabwera pakhomo panu. Pa Facebook mumangodina lipoti n'kusiyira eni ake. Kuno eni akewo ndinu. Mwalira mvula, mwalira matope.

Zida zilipo. Munthu mutha kumuchenjeza, kumufufutira positi, kumuika pa limit kuti azioneka kwa omutsatira okha, kapena kumupanga suspend, ndiye kuti kumutsekera akaunti. Zomwezo mutha kuchitira seva yathunthu. Pa suspend ya seva mudzaganize kawiri, chifukwa imadula ubale wonse: anthu anu amataya owatsatira a kumeneko, ndipo mukadzatsegulanso sabwerera okha. Pali maseva ena amene kuwatseka sikufuna msonkhano. Webusayiti yochezera ya ku America yotchedwa Gab itasamukira pa pulogalamu ya Mastodon mu 2019, ma admin ambiri, ndiye kuti oyang'anira maseva, anaitseka nthawi yomweyo chifukwa cha tsankho la anthu ake. Palinso maseva onyansa amene amafalitsa zithunzi zozunza ana, ndipo poti seva yanu imakopera zakunja, zoterozo zitha kugona pa disiki yanu inu osadziwa. Pemphani mndandanda wa maseva oipitsitsa kwa admin amene mumamukhulupirira, muulowetse tsiku loyamba. Koma mindandanda italiitali musaimeze yonse. Muli mayina ena amene analowamo chifukwa ma admin awiri anayambana basi.

Dziwaninso kuti lupanga lomwelo limatha kukugwerani. Mu February 2024 kunabuka spam yoopsa, mauthenga achabechabe otumizidwa mwaunyinji, imene inkalowera pa maseva ang'onoang'ono osiya khomo lotsegula kwa aliyense. Ine sabata imeneyo ndinali kumaliro kumudzi, kumene netiweki mumaipeza mutakwera pachulu. Pobwera ndinapeza malipoti ali mbwee, maakaunti abodza atatsegulidwa kwathu n'kumatumiza zopusa dziko lonse, maseva angapo atatiika kale pa limit. Ndinatha masiku ndikulemba maimelo opepesa kwa anthu amene sindinawaonepo. Pambuyo pake a Mastodon anasintha kuti seva yatsopano iziyamba yotseka, ndipo yotsegula izibwerera yokha pa kuvomereza mmodzimmodzi ngati woyang'anira wasowa kwa sabata. Inu musadikire zimenezo. Aliyense wofuna kulowa alembe chifukwa chake, inu muwerenge. Tsiku lochedwalo silipha munthu.

Komabe spam si mlandu wovuta, poti sipafunika kuganiza. Mlandu umene unandiphunzitsa unali wa mnzanga weniweni, mmodzi wa amene ankasonkha zambiri. Anaika chithunzi cha mayi wina wa pa seva pathu chimene anamujambula paukwati akuvina, n'kulembapo mawu onena za thupi lake. Iye ankati ndi macheza. Mayiyo anatumiza lipoti lachidule, mawu ochepa, opanda ukali. Ine ndinaliona madzulo omwewo ndili pa minibasi, ndinatseka foni. Mawa lake ndinati ndimuimbira kaye mnzangayo. Mkuja ndinadziuza kuti mwina zizizira zokha. Pofika tsiku lachinayi mayiyo anali atasamutsa akaunti yake, osatsanzika, ndipo azimayi ena angapo anamutsatira. Palibe anandinyoza. Anangoona kuti pakhomopa mlandu umayendera nkhope, n'kunyamula zawo.

Kuchokera pamenepo tili ndi oyang'anira atatu, mmodzi ndi mayi, ndipo wokhudzidwa ndi mnzake kapena mbale wake sagwira lipotilo. Malamulo tinalemba m'Chichewa ndi m'Chingerezi, afupiafupi, otchula zinthu ndi mayina ake. Lamulo loti "tizilemekezana" silithandiza pa tsiku la mlandu, aliyense amati walemekeza. Lembani kuti chithunzi chimene nkhope ya munthu ikuzindikirika sichiikidwa iye atakana, cha mwana sichiikidwa popanda kholo, cha ngozi kapena mtembo chizibisidwa ndi chenjezo. Kwa ojambula, milandu yanu yambiri idzachokera pamenepa, kuphatikizapo ya kuba ntchito ya mnzako n'kuchotsa dzina lake. Wolakwa mumuuze lamulo limene waswa, ndipo akadandaula kuti mwamulakwira, apilo yake aione wina, osati amene anagamula.

Chiyankhulo nacho chili ndi zake. Palibe makina amene adzakusefereni chipongwe cha m'Chichewa, makamaka chija chozimbayitsa, munthu atatukwanidwa bwinobwino popanda liwu loipa ngakhale limodzi. Mbali inayi, macheza a pachisuweni kapena pachilamu akawamasulira ndi makina amaoneka ngati nkhondo, ndipo admin wa ku Canada atha kukutumizirani lipoti ali wodabwa. Mumuyankhe mwaulemu, mumufotokozere. Ma admin amadziwana, ndipo amene amayankha maimelo satsekedwa msanga. Nyengo ya zisankho ikayandikira mugwirizaniretu za ndale ndi za mitundu, chifukwa mukadzayamba kupanga lamulo moto utabuka kale, mbali iliyonse idzati mwalipangira iwo.

Pali china chimene muyenera kuuza anthu anu mosabisa. Mauthenga achinsinsi a pa Mastodon sali ngati a pa WhatsApp, samangidwa moti owerenga akhale awiri okhawo. Amene ali ndi makiyi a database, nkhokwe yosunga zolemba zonse za pa seva, atha kuwawerenga, ndipo akadutsa pa seva ina, wa kumenekonso atha. Mu May 2023 apolisi a ku America a FBI atalanda kompyuta ya mmodzi wa oyang'anira seva ya Kolektiva.social pa nkhani ina, anatengera limodzi kope la database losamangidwa, muli maimelo ndi mauthenga a anthu. Kuno kwathu tili ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 ndi Data Protection Act ya 2024, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zolemba za pa intaneti. Mukusunga maimelo a anzanu ndi ma IP awo, manambala osonyeza kumene munthu walowera pa intaneti, ndiye malamulowa muwawerenge, ndipo backup musaisiye pa flash ya m'thumba.

A Mastodon ali ndi pangano limene seva imayenera kulonjeza kuti ilembedwe pa tsamba lawo la joinmastodon.org. Ngakhale simukufuna kulembedwapo, litengeni: kuletsa tsankho mochitapo kanthu, backup tsiku lililonse, munthu wina wachiwiri wokhala ndi makiyi pakagwa zadzidzidzi, ndi chenjezo la miyezi 3 musanatseke. Miyezi itatuyo ndi yofunika chifukwa munthu amasamutsa omutsatira pokhapokha seva yakale ikadali moyo, ndipo ngakhale atero, mapositi ake akale sasamuka nawo. Maseva ambiri amene ndawaona akufa sanafe ndi makina. Admin anangotopa, atakhala yekha ndi malipoti usiku ndi usiku, anthu akumulalatira ngati amamulipira.

Ndiye kodi munthu mmodzi angathe? Makina angathe. Zinazi ayi, ndipo ine ndinayesa.

Chomaliza ndi chowawa pang'ono. Ambiri mwa anthu anu amagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook chifukwa ndi yotchipa, ndipo Mastodon siyendera imeneyo. Adzalembetsa mwachimwemwe sabata yoyamba, kenako zii. Ngakhale Elon Musk atagula Twitter mu October 2022, anthu anakhamukira ku Mastodon, koma ambiri sanakhalitse. Ndikanakhala inu, ndikanatenga anthu khumi achangu, tonse n'kutsegula maakaunti pa seva imene ilipo kale, kaya ya Mastodon kaya ya Pixelfed poti ndiyo inapangidwira zithunzi, n'kumagwiritsa ntchito hashtag imodzi kwa miyezi iwiri. Akakhala kuti akadalembabe, gulani domain. Pa miyezi iwiriyo mudzaonanso amene ali wofatsa pa mkangano, amene sathamangira kuyankha, woti mungamupatse makiyi. Mukamupeza mundiuze mu inbox, ndikutumizirani malamulo athu muwasinthe mmene mukufunira, pamodzi ndi mndandanda wa maseva amene tinatseka ndi chifukwa cha iliyonse.