Tikiti ya mumsika mumadula, nanga wakuba amugwire ndani?

Mayi wina wogulitsa mlamba wouma ndi makakana pa msika wina wa m'mbali mwa msewu wa M1 wanditumizira imelo kudzera mwa mwana wake. Akuti tikiti ya khonsolo amadula tsiku lililonse, koma akuba anathyola kosungira katundu usiku n'kusesa madengu onse. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndingosiya kulipira msonkhowu, poti sukunditeteza?"

Mayi, pepani kwambiri. Funso lanuli landikumbutsa za kwathu, choncho mundilole ndizungulire kaye.

Malume anga anali ndi khola la ng'ombe kumadzulo kwa Ngabu. Aliyense wa kuchigwa kuno akudziwa kuti ng'ombe ndiye banki yathu: thonje likakanika, mapira akapsa ndi dzuwa, umagulitsa imodzi ana n'kupita kusukulu. Tsiku lina m'mamawa tinapeza mitengo ya kumbuyo kwa khola itazulidwa bwinobwino n'kusanjidwa pambali, chipata chili chitsekere. Ndowe za panjira zinali zisanaume. Agalu sanauwe n'komwe, ndipo mpaka lero azakhali amati wakubayo anali munthu amene agaluwo ankamudziwa. Anyamata analondola mapazi mpaka pamene anakhotera kumapiri a kumalire ndi Mozambique, n'kubwerera chifukwa anali ndi zibonga zokha. Ine ndi malume tinakwera kabaza kukanena kupolisi. Wapolisi amene tinamupeza anali waulemu ndithu, analemba zonse m'buku, kenako anati galimoto ilipo koma ilibe mafuta. Tinasonkherana. Pamene galimoto inkanyamuka n'kuti dzuwa litapendeka, ndipo ng'ombezo sitinazionenso.

Chimene chinkawawawa malume si ng'ombe zokha ayi. Anatulutsa kathumba ka pulasitiki kodzaza ndi timapepala: malisiti a kumsika wa ng'ombe, makalata a vetenale oyendetsera ziweto, zonse zosungidwa mwadongosolo. Anandifunsa kuti, "Mphwanga, iwe unapita kusukulu, ndalama zonsezi zimagwira ntchito yanji?"

Yankho lake ndi lowawa. Ndalama ya tikiti ndi ndalama ya polisi sizilowa m'thumba limodzi. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo, monga ya Chikwawa ndi ya Nsanje, mphamvu zotolera ndalama zawozawo kudzera m'misika, ziphaso za mabizinesi, madepoti ndi zina. Koma apolisi si a khonsolo. Ali pansi pa boma lalikulu, malipiro ndi mafuta awo amachokera ku Lilongwe, ku misonkho imene MRA imatolera. Ndiye inu Mayi mumalipira mbali zonse ziwiri. Mukagula mayunitsi a foni mwapereka kale msonkho wa boma lalikulu, m'mawa mukayala nsomba mwaperekanso wa khonsolo. Mukaberedwa, a khonsolo amati pitani kupolisi, apolisi amati msika ndi wa khonsolo, bwanji alibe mlonda.

Poyamba ndinkafuna kukuuzani kuti a khonsolo alibe mlandu pa nkhaniyi, koma ndikamalemba ndikuona kuti mlandu ali nawo, waukulunso. Kugwira wakuba si ntchito yawo, chabwino. Nanga mpanda? Nanga magetsi a sola, ku dera kumene dzuwa limaotcha mpaka phula kufewa? Nanga mlonda, chitseko cholimba, chimbudzi, dzala la zinyalala? Zimenezi ndiye za tikiti. Wodula matikiti salephera kufika. Kaya kugwe mvula, kaya mwagulitsa kamulu kamodzi kokha, iye ndi kabuku kake amakhala atakupezani isanakwane 10 koloko. Ngati khonsolo imatha kutumiza munthu m'mawa uliwonse kudzatenga ndalama, ingalephere bwanji kutumiza munthu usiku kudzalondera? Amene amatolera ndalama pa malo ndiye mwini malowo, ndipo mwini malo sangati za chitseko sizikumukhudza.

Akuluakulu amene anakula nthawi ya chipani chimodzi amakumbuka achinyamata a Youth League ataima pa chipata cha msika kufunsa khadi la chipani. Wopanda khadi sankalowa. Ndimaganiza kuti mantha a nthawi imeneyo sanatichoke: timapereka msanga, kufunsa timaopa. Komanso kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala. Zaka zonsezo misonkho inkatoleredwa popanda munthu wosankhidwa wa m'dera woti n'kumugwira malaya. Chizolowezi choipa chikakhazikika sichichoka ndi chisankho chimodzi.

Ndiye palinso madzi. A khonsolo akamadandaula kuti ndalama zimachepa, sanama kotheratu. Kusefukira kwa madzi kwa 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023, zonsezi zinagumula misewu, milatho ndi misika yomwe. Anthu a ku East Bank, monga ku Makhanga, amakhala nthawi yaitali osafikika ndi galimoto, ndiye wapolisi angafikeko bwanji? Chigodola chikabuka boma limatseka misika ya ziweto, ndalama za khonsolo n'kutsika. Ndikuvomereza. Koma amene ali ndi zochepa ndiye ayenera kuwerengera poyera. Papepala limodzi lomatidwa pa chipata cha msika, lonena kuti mwezi uno tatolera zakuti, tagwiritsa ntchito zakuti, silifuna thandizo la mabungwe akunja.

Chimene ndimaopa kwambiri ndi mapeto a kutopa kumeneku. Anthu akataya chikhulupiriro amayamba kuweruza okha. Munthu akangokuwiridwa kuti wakuba, matayala ndi petulo zafika kale, ndipo nthawi zina wophedwayo ndi mlendo wongodutsa. Achitetezo cha m'mudzi, amene lamulo la apolisi la 2010 limawavomereza, amagwira ntchito yaikulu ndi tochi ndi wezulo basi, osalipidwa. Koma nawonso akayamba kuyenda khomo ndi khomo kutolera ya mabatire, umenewo ndi msonkho wachitatu, wopanda lisiti.

Ndiye mutani, Mayi?

Musasiye kulipira muli nokha. Adzakulandani dengu kapena kukuchotsani pa benchi, ndipo mnzanu adzakhalapo mawa lomwelo. Dulani tikiti, onetsetsani kuti ndi yeniyeni ya nambala ndi chidindo, ndipo muzisunga. Za kubedwako kanenani kupolisi kuti zilembedwe. Kenako kakamizani komiti ya msika ilembe kalata kwa khansala wa wodi yanu ndi kwa DC, yosainidwa ndi ambiri, yopempha zinthu ziwiri zokha: mlonda ndi magetsi pa kosungira katundu, komanso chiwerengero cha ndalama zimene msika wanu watolera chaka chino. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, limakulolani kufunsa zimenezi. Akakhala chete, nkhani yonyanyala msonkho ikambidwe ndi msika wonse pamodzi, ndipo kope la kalata ija likhale m'manja mwa wapampando.