Nsanja ya mamita 18 idikire kaye, achimwene

Achimwene, mwalandiridwa m'gulu lathu la okonda kulankhulana pa wailesi (amateur radio) pa 7Q, chizindikiro choitanira cha masiteshoni a ku Malawi, tikusangalala nanu kuti laisensi ya ku MACRA yatuluka. Mwafunsa ngati muuze owotcherera kuti akupangireni nsanja ya eriyo ya mamita 18 pakhomo panu ku Lilongwe tsopano poti wailesi ya mawati 100 yafika, komanso ngati kebulo ya eriyo ya RG-58 ya mamita 30 imene munapatsidwa ingakwane pa mabandi a HF (ofika kutali, monga 40m ndi 20m) ndi pa bandi ya 2m pomwe. Ndaona kuti ena ayamba kale kukutchulirani mitengo ya zitsulo. Ine ndikuti nsanjayo idikire kaye. Ndalamayo ipite ku kebulo, ku earth ndi ku mawaya okoka mlongoti, chifukwa zitatu zimenezi n'zimene zimalekanitsa siteshoni yomveka ndi siteshoni yongooneka bwino kwa odutsa pamsewu.

Nsanja yeniyeni imafunika mukakhala ndi eriyo yolemera ya Yagi, ija ya timapaipi topingasa, pamodzi ndi makina oizunguza. Inu mulibe. Chimene muyambe nacho ndi waya, ndipo waya safuna nsanja. Dipole ya 40m, eriyo ya mawaya awiri ofanana okumana pakati, muipanga ndi waya wamkuwa wa 2.5 mm², uja amaika m'nyumba. Kutalika kwake konse m'mamita mumakupeza pogawa 143 ndi frequency ya mu MHz. Pa 7.1 MHz akutuluka mamita 20 ndi pang'ono, kutanthauza mamita 10 mbali iliyonse. Dulani wotalikirako, muzichepetsa pang'onopang'ono mukuyeza, popeza waya wokhala ndi chikopa cha pulasitiki amafuna kufupikirapo kuposa mmene masamu akunenera. Dipole yomweyo imagwiranso pa 15m. Mukafuna 20m, mangani mawaya ena awiri a mamita 5 pamalo omwewo pamene palowera kebulo, muwatalikitse ndi oyamba aja, mwapeza mabandi atatu pa kebulo imodzi. Pakati pakhale pamwamba pa mlongoti, nsonga zitsikire pansi ngati V wozondoka, koma zisafike pamene mwana angagwire: kunsongako n'kumene kumakhala voteji yochuluka mukamalankhula. Zikhale mamita atatu kuchokera pansi, osachepera pamenepo.

Nanga kutalika kwa mlongoti? Mamita 10 mpaka 12 ndi okwanira, ndipo pali chifukwa chake. Pa 20m, mamita 10 ndi theka la wavelength (kutalika kwa funde limodzi), msinkhu umene eriyo imayamba kuponya mafunde motsika, kuti akagunde kutali n'kufika ku Europe kapena ku Japan. Pa 40m msinkhu womwewo ndi kotala chabe, choncho mafunde ambiri amapita chokwera n'kugwera pafupi. Ena amati kumeneko n'kutaya, koma kwa ife kuno n'kumene kumatilumikiza ndi Mzuzu, Blantyre, Chipata ndi Tete masana, malo amene 2m singadumphe mapiri n'kufikako. Ndipo musaiwale kuti chizindikiro cha 7Q sichimveka kawirikawiri pa bandi. Mukangoitana pa 14.074 MHz ndi FT8, njira yolumikizana kudzera pa kompyuta, mudzaona okha akukuthamangirani, opanda nsanja.

Mlongotiwo mungaupange ndi mapaipi awiri amadzi a galvanised, aja a mamita 6. Ya 40 mm imalowa bwino mu ya 50 mm. Ilowetseni mita imodzi, muboole, mumange ndi mabauti awiri, mwapeza mamita 11. Chimene ndikukuletsani n'kulumikiza mapaipi ndi soketi ya mazinga ija ya mapulambala. Pamazingapo chitsulo chinasemedwa, n'chopyapyala, ndipo ndi pamene pamathyoka tsiku loimika lomwelo. Pamwamba tsekani kuti mvula isalowe, pansi siyani kabowo kotulukira madzi, apo ayi dzimbiri lidzadya m'kati inu mukuona kunja kukuwala. Paliponse pamene awotcherera, zinki yapsa, pakani red oxide ndi penti. Ikaninso pule pansonga ndi chingwe chodutsamo musanaimike. Kapule kameneka kadzakupulumutsani kukwera, eriyo muzidzaitsitsa ngati mbendera. Nsungwi kapena bulugama zimagwira ntchito ngati ndalama yavuta, bola tsinde lisakhudze dothi chifukwa chiswe sichichedwa.

Tsopano mawaya okoka, amene ambiri timangoti masiteyi. Mlongoti sugwa chifukwa cholemera, umagwa ndi mphepo, ndipo mphepo ikawirikiza liwiro kawiri mphamvu yake yokankha imawirikiza kanayi. Si Freddy wa mu March 2023 yekha woti muzimuopa. Kamvuluvulu wa mu October ndi chimphepo chotsogolera mvula yoyamba, chija chimasasula malata, n'zokwanira kupinda paipi. Kokani pa misinkhu iwiri, pafupi ndi polumikizira paja ndi pafupi ndi nsonga. Mbali zitatu zimakwana, koma ine ndimakonda zinayi, chifukwa poimika ziwiri zam'mbali zimakhala zomangidwa kale ndipo mlongoti sungapatukire pa nyumba ya neba. Zikhomo zikhale mamita 7 mpaka 9 kuchokera patsinde. Apa m'pamene nsanja ya mamita 18 imagwera m'mavuto: yesani poloti yanu muone ngati pali mamita 12 mbali zonse. Mukafupikitsa, masiteyi amaima chilili, sakokanso cham'mbali, amangokanikizira mlongoti pansi mpaka upindike pakati. Ndipo nsanja yoima yokha yopanda masiteyi si ntchito yoyerekeza ndi maso, imafuna injiniya woti awerengere zitsulo ndi maziko ake.

Chingwe cha buluu cha kumsika chija musachikhulupirire, dzuwa lathu limachifumbutsa. Nayiloni amatamuka. Gulani waya wa galvanised wopota, kapena chingwe cha polyester. Mukasankha waya wachitsulo, muduleni ndi ma insulator kuti pasakhale chidutswa chotalika mamita 5 kapena 10, chifukwa chimenecho chimasanduka eriyo yachiwiri n'kusokoneza yanu. Pomanga tizitsulo tomangira waya tija ta U, chishalo chake chikhale pa waya amene akukoka, U akhale pa kamchira kotsala. Zikhomo ndi tsinde zikhale mu konkire wa muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala. Muzimuthirira madzi, ndipo musamangepo katundu sabata isanathe; mphamvu yake yonse amaipeza pa masiku 28.

Musanakumbe dzenje yang'anani kumwamba. Ngati mlongoti utagwera mbali ina iliyonse ungakhudze mawaya a ESCOM, malowo ndi olakwika, palibenso zokambirana. Siyani mtunda wowirikiza kawiri kutalika kwa mlongoti. Waya wa 11 kV sadikira kuti mumugwire, moto umadumpha. Ngati nyumba ndi ya lendi lankhulani ndi alandilodi, ndipo chinthu chachitali ngati chimene munkaganizacho n'chofunika kufunsa kukhonsolo, makamaka mukakhala chakufupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu.

Tibwere ku kebulo, kumene ndikufuna mukhazikike mtima. RG-58 si yoipa, koma ili ndi malo ake. Pa 7 MHz, mamita 30 amadya pafupifupi kotala ya mphamvu yanu, ndipo amene akukumverani sangazindikire n'komwe. Pa 145 MHz, ndiyo bandi ya 2m, kebulo yomweyo imadya pafupifupi 6 dB, kutanthauza magawo atatu mwa anayi. Wailesi ikatulutsa mawati 50 pa 2m, ofika pa eriyo ndi 12 kapena 13. Polandira n'chimodzimodzi, siteshoni yofooka imathera m'njira. Kuli ngati kutunga madzi ndi ndowa yobooka: chitsime chikatalikira, mumafika ndi madzi ochepa. Taonani tsono, mukakweza nsanja muonjezeranso kebulo, ndiye zina mwa zimene mwapindula ndi msinkhu mwazibweza m'njira. RG-213 pa mtunda womwewo imafikitsa kuposa theka pang'ono. Choncho RG-58 yanuyo ipite ku dipole ya HF, ndipo ya 2m mugule ina yonenepa, yaifupi mmene mungathere.

Pali njira ina imene ena m'gulu muno amainyoza koma ine ndimaivomereza: RG-6, ija ya dishi ya DStv. Imapezeka paliponse, ndi yotchipa, ndipo pa 2m imataya mofanana ndi RG-213. Inde ndi ya ma ohm 75 pamene wailesi imafuna 50, koma kusiyana kumeneku kumangobweretsa SWR (muyeso wa mphamvu yobwerera ku wailesi) ya 1.5, imene wailesi zambiri zimailandira, ndipo dipole payokha imakhala pafupi ndi ma ohm 73. Vuto lake ndi lakuti ukonde wake wa tiwaya, uja wa pansi pa chikopa cha kebulo, nthawi zambiri ndi wa aluminiyamu, sugwira soda. Gwiritsani ntchito F connector yabwino ndi adaputa, musalimbane ndi pulagi ya PL-259. Pogula sendani kansonga muone. Ngati ukonde ndi tiwaya towerengeka, isiyeni pomwepo.

Mdani wamkulu wa kebulo kuno ndi madzi. PL-259 siitchinga mvula ngakhale pang'ono. Madzi akalowa pamwamba amayenda mu ukonde mpaka pansi, mkuwa umada, ndipo kebulo yatha. Choipa n'chakuti mita ya SWR imakunamizani: kebulo yonyowa imadya ndi mphamvu yobwerera yomwe, ndiye singano imaonetsa bwino kuposa kale inu n'kumasangalala. SWR ikangokongola yokha mvula itagwa, kayikirani. Kuyeza kwake n'kosavuta, ikani dummy load (chida cholowa m'malo mwa eriyo poyeza) ya ma ohm 50 ndi mita ya mawati kumapeto kwa kebulo, muyerekeze ndi zimene zikutuluka pa wailesi. Polumikizira paliponse pa panja kulungani ndi tepi ya rabara yomatana yokha, pamwamba pake tepi wamba wakuda kuti dzuwa lisaiwononge, ndipo pokulunga yambirani pansi kukwera m'mwamba kuti madzi azitsetsereka. Kebulo isanalowe m'nyumba itsike kaye n'kukweranso, kuti madontho azigwera panja. Musaipinde mwamphamvu pakona, ndipo isalendewere pa connector, imangirireni ku mlongoti.

Pamene kebulo ikumana ndi dipole ikanipo choke, chotsekereza mafunde kuti asayende kunja kwa kebulo. Kuzunguliza RG-58 ka 10 kapena 12 pa mphete ya ferrite ya FT240-43 kumakwana. Popanda chimenechi kunja kwa kebulo kumasanduka mbali ya eriyo: maikolofoni imakulumani pamlomo, TV ya neba imalira, ndipo phokoso la inveta ya sola, mababu a LED ndi matchaja a foni limakwera ndi kebulo n'kulowa m'wailesi. Mukafuna kudziwa ngati phokoso ndi la m'nyumba mwanu, lumikizani wailesi ku batire n'kuzimitsa main switch. Ambiri amadabwa bandi ikangoti zii. Ngati pali ndalama yotsala, NanoVNA ndi kachida kotchipa kamene kadzakuonetsani pamene eriyo yagwera musanadule waya.

Za mphenzi sindichita nazo nthabwala. Kuyambira November mpaka April, chitsulo cha mamita 11 ndicho chachitali kuposa zonse pakhomo panu. Khomani ndodo ya earth yokutidwa ndi mkuwa patsinde penipeni, mulumikize ndi waya wa 16 mm² kapena wonenepa kuposa pamenepo, waufupi, wosakhotakhota. Ndodo imodzi m'dothi louma la ku Lilongwe siikwana, ikani ziwiri kapena zitatu zotalikirana kawiri kutalika kwa ndodoyo. Kenako, ndipo apa m'pamene ambiri amaphonya, earth ya mlongoti ilumikizidwe ndi earth ya nyumba kudzera panja. Zikakhala ziwiri zosiyana, mphenzi ikagunda moto umafuna njira yochokera ku ina kupita ku inzake, ndipo njirayo imakhala wailesi yanu. Za kuthira mchere m'dzenje zisiyeni, zimathandiza kanthawi koma zimadya ndodo. Wayayo mukwirireni, mukudziwa mmene mkuwa umayendera usiku m'matauni mwathumu.

Arrestor, kachida koteteza wailesi ku mphenzi, pakhomo polowera kebulo ndi yabwino, imachotsa static ndi moto wa mphenzi yogunda chapafupi. Koma mitambo ikayamba kuda, kapena mukamachoka pakhomo nyengo ya dzinja, masulani kebulo panja pa nyumba, muitalikitse, muzulenso pulagi ya magetsi. Kumasula mabingu atayamba kale ayi, pamenepo ingotalikirani.

Kukonza kwake si kwambiri. Mu October mvula isanayambe, komanso mu May mwera usanalimbe, tsitsani eriyo ndi pule ija. Onani tepi ngati yang'ambika, chingwe ngati chayamba kufumbutuka, mabauti ngati amasuka, ndi dzimbiri pamene paipi yalowera mu konkire. Masiteyi akhale okoka mofanana koma osati mpaka kulira. Pamene mkuwa wakhudzana ndi aluminiyamu kapena zinki pamachita tizinthu toyera, tsukani n'kupaka girizi. Lembani SWR ya bandi iliyonse m'kope tsiku loimika, kuti ikadzasintha mudzakhale ndi poyerekeza. Paipi yotereyi siyokwera munthu, ngakhale mnyamata wopepuka atadzipereka. Chikavuta pansonga, gonekani mlongoti wonse.

Tsiku loimika mukhale anthu osachepera asanu, chifukwa mapaipi awiriwo amalemera pafupifupi makilogalamu 50, ndipo mmodzi yekha ndiye azilamula. Sankhani m'mawa kopanda mphepo, ana akhale kutali. Tumizani kachithunzi ka poloti yanu kosonyeza pamene pali nyumba, mitengo ndi mawaya a magetsi, ndi miyeso yake, tikuthandizeni kusankha pokumba. 73, ndiko kuti zabwino zonse.